Likoma: Mbiri Yoti Muidziwe Musanakwere Ilala

Tchuthi chikamayandikira timalandira mafunso amodzimodzi kuchokera kwa anzathu a ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Wina akuti, "Kodi ndingabwere Lachisanu n'kubwerera Lamlungu?" Wina akuti, "Kupatula tchalitchi chija, kuli chiyaninso choona?" Mafunso awiri onsewa yankho lake lili m'mbiri ya chilumbachi. Choncho m'kalata ya mwezi uno tafotokoza mbiriyo, ndipo kumapeto taika malangizo a momwe mungakonzere ulendo wa masiku ochepa.

Ku Italy kuli mzinda wa Venice, womangidwa pa tizilumba toposa 100. Misewu yake ikuluikulu ndi ngalande za madzi, ndipo basi yake ndi boti. Alendo amakhamukira kumeneko mochuluka zedi, moti mu 2024 akuluakulu a mzindawo anayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa obwera kudzangoswera tsiku limodzi pa masiku otanganidwa. Ife kuno sitinafike pothamangitsa alendo, tikuwafuna ndithu. Koma pali zinthu ziwiri zimene timafanana nawo. Msewu wathu ndi madzi, ndipo madziwo ndi amene amalamula nthawi. Komanso mlendo wobwera osadziwa mbiri amangoona miyala, n'kujambula, n'kumapita.

Chilumba cha Malawi m'madzi a Mozambique

Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita pafupifupi 18. Chizumulu, mnzake wa kumadzulo, ndi wochepa kuposa pamenepo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma lonse, zilumba ziwirizo pamodzi. Mukaima ku Mbamba m'mawa n'kuyang'ana kummawa, mapiri amene mukuwaonawo ndi a Mozambique. Ku Cóbuè ndi makilomita ochepa chabe, pamene ku Nkhata Bay ndi pafupifupi makilomita 70. Ndiye zinatheka bwanji kuti tikhale Amalawi?

Tiyambe ndi kunena kuti anthu analipo kale azungu asanabwere. Anali asodzi olankhula Chinyanja, abale a anthu a kugombe la kummawa, ndipo m'kupita kwa nthawi anasakanikirana ndi Atonga a kutsidya la kumadzulo. Zaka za m'ma 1800 zinali zoopsa kunyanja kuno. Zombo za matanga za a Jumbe a ku Nkhotakota zinkaolotsa akapolo kupita kugombe la kummawa, kumene ankayambira ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Kumtunda kwa gombe lomwelo kunkatsika Angoni otchedwa Magwangwara, kudzaotcha midzi ndi kulanda anthu ndi chakudya. Pa nthawi yotere chilumba chinali linga, chifukwa ankhondo oyenda pansi sakanafikako popanda mabwato.

Mbali ina ya nkhaniyi inayambira kutali. Mu Disembala 1857 David Livingstone analankhula ku yunivesite ya Cambridge ku England, kupempha ophunzira kuti apite ku Africa kukalimbana ndi malonda a akapolo. Pempholo linabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, limene ambiri timangoti UMCA. Gulu loyamba, lotsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, linakhazikika ku Magomero mu 1861. Zinthu sizinayende. Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, njala ndi nkhondo zinakula, ndipo mu 1864 mishoni inasamukira ku Zanzibar.

Panapita zaka pafupifupi 20 kuti abwererenso kunyanja. Amene anabwera anali William Percival Johnson ndi mnzake Charles Janson, ndipo anadzera kummawa, wapansi. Janson anamwalira atangofika kunyanja mu 1882. Johnson anatsala yekha, akuyenda m'midzi ya m'gombe. Anaona kuti midziyo yandondana m'mbali mwa madzi, ndipo njira yapafupi yoifikira yonse ndi sitima. Anapita ku England kukapempha ndalama, m'njira anadwala maso mpaka anatsala pang'ono kuchita khungu, koma sitimayo inapezeka. Anaitcha Charles Janson, ndipo inaikidwa m'madzi mu 1885. Sitima imafuna doko lotetezeka, ndipo amishoni ankafuna malo amene Magwangwara sangafike. Chaka chomwecho Bishopu Charles Smythies anapempha malo pa Likoma kwa mfumu Chiteji, ya kutsidya la kummawa, ndipo anapatsidwa.

Tsono apa m'pamene pagona yankho. Mu 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino. Gombe la kummawa, kumene kuli Cóbuè ndi Metangula, linapita kwa Apwitikizi. Koma poti pa Likoma panali kale likulu la mishoni ya Angerezi, zilumba ziwirizi zinatsala m'manja mwa Britain. Mu 1954 maiko awiriwo anagwirizananso kuti malire a m'chigawo chino cha nyanja adutse pakati pa madzi, ndipo zilumba zathu zinapezeka zili mbali ya Mozambique, komabe zili za Nyasaland. Ufulu utabwera mu 1964 zinakhala za Malawi. Kwa zaka zambiri tinali pansi pa Nkhata Bay, kufikira mu 1999 pamene Likoma linakhala boma palokha. Mfumu yaikulu ya zilumba zonse ziwiri ndi a T/A Mkumpha.

Malire a pamapu sanadule ubale. Mabanja ambiri kuno ali ndi abale kutsidya. Nkhuni, nsungwi, udzu ndi chakudya china zakhala zikuchokera komweko kwa mibadwo. Nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique itayamba mu 1964, Cóbuè anali amodzi mwa malo oyambirira kumene mfuti zinalira, ndipo anthu ambiri anathawira kuno. Anabweranso pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Chilumba chimene chinabisa anthu pa nthawi ya Magwangwara chinagwiranso ntchito yomweyo.

Chipyela

Malo amene amishoni anapatsidwa amatchedwa Chipyela, ndipo dzinali silobisa: ndi malo ootcherapo. Apa m'pamene ankaotchera anthu oganiziridwa ufiti, ambiri mwa iwo amayi. Amishoni atafika anapeza mchitidwewu ukadalipo. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene lero tonse timanyadira, chinamangidwa pamalo amenewo.

Tikamafotokozera alendo, mbali imeneyi tisamaidumphe ngati ya manyazi. Mpaka lero timamva pawailesi kuti agogo ena kwinakwake aphedwa ndi adzukulu awo omwe chifukwa chowaganizira ufiti, ndipo nthawi zambiri otola miyala amakhala achinyamata a msinkhu wathu. Ife tili ndi malo amene nkhanza zotere zinachitika n'kulekeka. Wachinyamata wa pa Likoma ali ndi choti anene pankhani imeneyi.

Mwala wa maziko anauika ndi Bishopu Gerard Trower pa 27 Januwale 1903. Anayamba kupempheramo pa 29 Seputembala 1905, ndipo Bishopu Cathrew Fisher anachipatula pa 14 Novembala 1911. Amene anajambula pulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George. M'litali chimakwana pafupifupi mamita 100, ngati bwalo la mpira, ndipo mabuku a alendo amakonda kuchiyerekeza ndi tchalitchi chachikulu cha ku Winchester ku England.

Taganizani ntchito yake. Panalibe lole, panalibe makina onyamulira katundu. Miyala inaswedwa pachilumba pompano n'kusenzedwa pamutu. Zipangizo zina, monga matabwa, zinaoloka nyanja kuchokera kumtunda. Simenti inali yodula ndi yosowa, ndiye mbali yaikulu ya makoma anaimata ndi dothi la pachulu. Magalasi amitundumitundu a m'mawindo anachokera ku Ulaya, kudzera pa Zambezi ndi Shire. Mukalowa, yang'anani mipando ya oimba yosemedwa pamwala wofewa, ndipo funsani akuonetseni mtanda wosemedwa ndi mtengo wochokera kwa Chitambo ku Zambia, kumene Livingstone anamwalirira mu 1873.

Mabuku anasunga dzina la Frank George ndi maina a mabishopu. Maina a amuna amene anaswa miyala ndi amayi amene anatunga madzi ndi kusenza dothi ambiri sanalembedwe paliponse. Koma anthuwo ndi agogo a agogo athu. Mlendo akakufunsani kuti anamanga ndani, musamangoti "azungu". Pulani inali ya mzungu, eya, koma manja anali a kuno.

Anthu amene Likoma linatumiza

Mishoni sinali tchalitchi chokha. Panali sukulu za anyamata ndi za atsikana, chipatala chimene lero ndi St Peter's Hospital, mashopu a ukalipentala ndi zomangamanga, ndi makina osindikizira mabuku. Mu 1893 Chauncy Maples, amene ankatsogolera mishoni pano, anayamba kusindikiza kanyuzipepala kotchedwa Nyasa News. Johnson, ndi diso limodzi loona pang'ono, anathera zaka zambiri m'sitima akumasulira, ndipo mu 1912 Baibulo lonse linatuluka m'Chinyanja cha kunyanja kuno. Anamwalira mu 1928 ku Liuli, kugombe la Tanzania, atakhala kunyanja zaka zoposa 40.

Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku m'midzi inali m'manja mwa aphunzitsi ndi ansembe achiafirika. Maina anayi awa tiziwadziwa pamtima.

Augustine Ambali anagwidwa ukapolo ali mwana, anaomboledwa, naphunzira ku Zanzibar. Anabwera kunyanja ndi gulu la sitima ya Charles Janson, nagwira ntchito zaka zambiri ku Msumba, kugombe la Mozambique. Analemba yekha mbiri ya moyo wake m'buku lotchedwa Thirty Years in Nyasaland.

Yohanna Abdallah anadzozedwa unsembe mu 1898 ndipo anatumikira ku Unangu pakati pa Ayao. Buku lake la Chiikala cha Wayao, lotuluka mu 1919, ndi limodzi mwa mabuku oyambirira a mbiri olembedwa ndi munthu wa kuno m'chilankhulo cha kuno.

Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia kugombe la kummawa, anakhala wansembe mu 1909. Anavomera kupita kutali ndi kwawo, ku Msoro m'chigawo cha kummawa kwa Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Koleji ya zaubusa ya Anglican ku Zomba imadziwika ndi dzina lake.

Josiah Mtekateka anabadwira pa Likoma mu 1903, chaka chimene anaika mwala wa maziko a tchalitchi. Mu 1965 anadzozedwa kukhala bishopu, Mmalawi woyamba kufika pa udindowu mumpingo wa Anglican.

Sukulu zinachititsa kuti chilumba cha miyala, chimene sichitha kudyetsa anthu ake ndi ulimi wokha, chiyambe kutumiza kunja anthu ophunzira. Aphunzitsi, makalaliki, anamwino, amisiri ndi oyendetsa sitima ochokera kuno anabalalika m'Nyasaland monse, ku Tanganyika, ku migodi ya Zambia, ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Inu amene mukuwerenga kalata ino muli kunja, dziwani kuti njira imene munadzerayo inapondedwa kale.

Nyanja ndi sitima zake

Sitima yoyamba ya nthunzi panyanja ino inali Ilala ya amishoni a Livingstonia, imene inalowa m'nyanja mu 1875. Dzinalo ndi la dera limene Livingstone anamwalirira. Ya UMCA inatsatira pambuyo pake, monga tanena.

Mu Juni 1895 Chauncy Maples anadzozedwa ku London kukhala Bishopu wa Likoma. Pobwerera, atafika kummwera kwa nyanja, anakwera boti la matanga la mishoni pofuna kufika msanga. Usiku wa pa 2 Seputembala 1895 mphepo inakula, botilo linagubuduzika chakufupi ndi gombe la Salima, ndipo Maples ndi mnzake Joseph Williams anamira. Anyamata oyendetsa botilo anasambira n'kupulumuka. Maples anaikidwa m'manda ku Nkhotakota, asanafike n'komwe pa Likoma ngati bishopu. Anali munthu wodziwa nyanjayi kwa zaka zambiri, koma nyanja sinamuone nkhope.

Pomukumbukira, mishoni inagula sitima yaikulu, Chauncy Maples. Anaipanga ku Glasgow, anaiphwasula m'zidutswa zoposa 3,000, anaikweza pa Zambezi ndi Shire, ndipo pamene pali mathithi anthu anaisenza ndi kuikoka wapansi. Inayamba ntchito mu 1901. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama, ndipo pa nkhondo ya 1914 boma linaitenga kuti izinyamula asilikali. Pambuyo pake inakhala sitima ya anthu wamba, ndipo agogo ambiri kuno anaikwerapo.

Tsoka lalikulu linadza pa 30 Julayi 1946. Sitima yatsopano ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja, chakufupi ndi Chitimba, pa nthawi ya mwera, ndipo anthu oposa 140 anafa. Yolowa m'malo mwake ndi Ilala imene tikuidziwa lero. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Zaka zoposa 70 tsopano, mchere, shuga, simenti, malata, mabuku a sukulu, akwati ndi maliro zakhala zikufika pa Ilala. Kwa zaka zambirimbiri sitimayo inkaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, kenako kuponda m'madzi katundu ali pamutu. Aliyense wobadwira kuno ali ndi nkhani yake ya tsiku la sitima.

Tsono tikonze ulendo

*Yambani ndi sitima, tchuthi pambuyo.* Anzathu a m'tauni amakonda kupempha tchuthi kaye n'kumafufuza mayendedwe pambuyo. Kuno n'zosiyana. Ilala imayenda ulendo umodzi pa sabata pakati pa Monkey Bay ndi kumpoto, ndipo imaima pa Likoma kawiri: popita ndi pobwerera. Masiku a pakati pa maulendo awiriwo ndiwo kutalika kwa tchuthi chanu. Palinso sitima zina zing'onozing'ono ndi maboti oyenda pakati pa Nkhata Bay, Chizumulu ndi Likoma. Ndandanda imasintha, ndipo sitima imatha kuchotsedwa panyanja kukakonzedwa, ndiye imbani foni sabata yomweyo kuti mutsimikize. Siyani tsiku limodzi lapadera kumapeto. Ngati muli ndi mayeso kapena intavyu Lolemba m'mawa, musakonze zobwerera Lamlungu usiku. Bwalo la ndege lilipo, koma ndege zake ndi zing'onozing'ono ndipo mtengo wake si wa thumba la wophunzira.

*Sankhani nyengo.* Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera. Kumakhala kozizira bwino poyenda pansi, koma nyanja imawinduka, ndipo amene sanazolowere amasanza mpaka kulapa. Seputembala ndi Okutobala nyanja imakhala yabata masiku ambiri, madzi oyera, koma dzuwa limaswa mtengo. Novembala ndi Disembala ndi nthawi ya mango. Mvula ikayamba chilumba chimabiriwira, koma mphepo yamkuntho imabwera mosachenjeza. Okonda za mpingo angakonde kudzakhala nawo pa 29 Juni, tsiku la Petro Woyera, mwini dzina la tchalitchi, bola akumbukire kuti imeneyo ndi nthawi ya mwera.

*Lemekezani nyanja.* Nkhani ya Maples ndi ya Vipya si zongowerenga. Boti likadzaza, dikirani lina. Funsani jekete yoyandamitsa musanakwere, ndipo muivale, osaikhalira. Eni boti kapena asodzi akanena kuti lero sikuyendeka, musakakamire ngakhale mutakhala ndi ndalama yolipira boti lonse. Posambira funsani eni dera, chifukwa malo ena, makamaka a mabango, kumapezeka ng'ona. Gonani m'neti, ndipo ngati mwasambira, mukabwerera kwanu kayezetseni likodzo.

*Ndalama ndi katundu.* Tengani ndalama zokwanira m'manja musanachoke ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki ikavuta kapena ejenti akatha ndalama mudzasowa pogwira. Kumbukirani kuti pafupifupi chilichonse cha m'golosale chinabwera pa sitima, ndiye mtengo umakwererako. Tengani juzi ya usiku pasitima, tochi, power bank, chipewa, nsapato zoyendera pamiyala, ndi pulasitiki yokulungira foni ndi mapepala.

*Pogona.* Pali malo a matumba onse. Kaya Mawa ndi ya alendo a ndalama zawo. Mango Drift ndi Ulisa Bay ndi otsikirapo, ndipo ku Mbamba kuli maresiti hausi a mtengo wa ife tomwe. Nthawi ya Khirisimasi ndi Isitala ana a pachilumba amabwerera kwawo ambiri, ndiye sungitsani malo msanga.

*Masiku atatu mungawagawe chonchi.* Tsiku loyamba likhale la Chipyela ndi Mbamba. Pitani ku tchalitchi m'mawa, pemphani wina wa pamenepo akuyendetseni, muone mkati, mabwalo ake ndi manda. Ngati lili Lamlungu, lowani nawo mapemphero, kaya ndinu a mpingo wanji, mumve kuimba. Masana tsikirani kumsika. Tsiku lachiwiri yendani wapansi. Chilumbachi n'chaching'ono moti munthu wamphamvu amachidutsa tsiku limodzi, pakati pa milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango. Ena amasankha kumpoto, ku Makulawe ndi ku Yofu, ena kummwera ku Nkhwazi. Kwerani phiri la Macholo kuti muone Mozambique mbali ino, Chizumulu mbali inayo. Nyamukani m'mamawa, tengani madzi akumwa. Tsiku lachitatu likhale la madzi: kusambira, kuona mbuna zamitundumitundu m'miyala, kapena kuoloka kupita ku Chizumulu ngati maboti akugwirizana ndi tsiku lanu lonyamuka. Ofuna kukaponda ku Cóbuè akumbukire kuti ndi dziko lina. Tengani pasipoti kapena chiphaso choolokera malire, ndipo yambani mwadzera ku ofesi ya Immigration.

*Idyani za kuno, onani za kuno.* Nsima ya kondowole ndi usipa kapena utaka wauwisi ndiye chakudya cha pachilumba. Mukaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja, si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kunyanja amagwira n'kupanga ndiwo. Usiku muona nyali za asodzi zitandanda pamadzi ngati tauni. Mukamva ng'oma masana, tsatirani. Akhoza kukhala malipenga, gule wa amuna amene anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ovina atavala zoyera mwaudongo ndipo gulu lililonse likutchedwa boma. Kapena chingakhale chioda cha amayi.

*Ulemu.* Kuno aliyense amadziwana, ndipo kudutsa munthu osapereka moni ndi mwano. Zovala zosambira zithere kugombe. M'mudzi, kumsika ndi ku tchalitchi valani modzilemekeza. Musajambule munthu, mwana kapena manda musanapemphe. Gombe limene amayi akuchapa ndi kusamba si lojambulirapo ma selfie. Mabotolo ndi majumbo anu mubwerere nawo, chifukwa chilumba chilibe kotayira zinyalala za aliyense. Mukaona bokosi la zopereka ku tchalitchi, ponyanimo kangachepe. Nyumba ya zaka zoposa 100, yomatidwa ndi dothi la pachulu, imafuna kukonzedwa chaka ndi chaka.

Kwa ife a pachilumba

Mlendo amene wawerenga zonsezi adzafika ndi mafunso, ndipo adzafunsa woyamba kukumana naye padoko, amene mwina ndi mmodzi wa ife. Ntchito pachilumba pano n'zosowa, nsomba zikuchepa, ndipo ambiri tikamaliza Fomu 4 maso amakhala pa sitima. Kuyendetsa alendo ndi imodzi mwa ntchito zochepa zimene sizifuna mpamba. Zimafuna kudziwa zaka zingapo, maina angapo, njira zachidule, ndi kunena zoona. Mlendo amalipira mosangalala munthu amene wamuuza chifukwa chake Chipyela ndi Chipyela, kusiyana ndi amene wangomulozera kuti tchalitchi ndi icho.

Zimene talemba pano ndi zimene zinalowa m'mabuku, ndipo mabukuwo ambiri analemba ndi amishoni. Mbali inayo ili m'mitu ya agogo athu: amene anakwera Chauncy Maples, amene analandira othawa nkhondo m'nyumba zawo mu 1964, amene anauzidwa ndi agogo awo za kusenza miyala ya tchalitchi. Chaka chilichonse tikuika m'manda ena mwa iwo. Foni zojambulira mawu tili nazo m'matumba. Pempho la komiti n'lakuti membala aliyense akhale pansi ndi wachikulire mmodzi tchuthi chino, apemphe chilolezo, ajambule nkhani imodzi, alembe mudzi ndi tsiku, ndipo abwere nayo ku msonkhano wathu wotsatira. Inu a kunja, imbirani agogo pa WhatsApp, muchite chimodzimodzi.

Ndipo inu amene mukukonza zobwera, tiuzeni tsiku la sitima yanu. Tikakuchingamirani kudoko.